Kwa Amalume ku Chinsapo, za Mfuti Ija

Okondedwa amalume,

Amayi andiuza kuti ndalama yanu ya penshoni mukufuna kugulira mfuti, muzikasaka gwape ndi mbawala ku Dzalanyama monga ankachitira agogo. Akuti mukufunsafunsa kuti yoyenera m'ziyangoyango ndi iti, chifefe kapena ya chipolopolo chimodzi. Ndine mwana, koma ndiloleni ndiyikepo mlomo.

Alenje amati m'nkhalango yowirira pafunika mfuti yaifupi, yopepuka, yosakodwa m'nthambi, poti nyama umayiona pafupi, kamphindi kokha. Izo n'zoona. Koma chipolopolo cha .303 chikaphonya chimatha kuuluka makilomita oposa 3, ndipo chikangokhudza kanthambi chimapatukira kumene simunalozeko. Chifefe sichifika patali, komabe pafupi chimapha munthu. Gogodela wa paipi ndiye musayerekeze n'komwe, amaphulikira m'manja mwa mwini wake.

Chondisowetsa tulo n'chakuti Dzalanyama ya lero yadzaza anthu. Inu nomwe mumaziona njinga za makala zikutsika msewu wa ku Likuni mbandakucha, matumba atasanjikizana kupitirira mutu, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu. Anthu amenewo amagona m'nkhalangomo. Dzinja likafika amayi amalowamo kukazula bowa, mwana kumbuyo, atawerama pansi pa mitengo ya msuku. Tchire likagwedera m'chisisira, mudzadziwa bwanji kuti ndi gwape? Maso anunso ndi aja mumawerengera Baibulo ndi magalasi.

Mu 2015 boma linatumizako asilikali a MDF kukateteza mitengo, chifukwa mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ake timamwa kuno ku Kawale, umachokera kumeneko. Olondera nkhalango akakumana ndi munthu wonyamula mfuti usiku, ndani angayambe wafunsa dzina?

Chiphaso cha mfuti chochokera kupolisi sichikupatsani ufulu wosaka m'nkhalango yotetezedwa. Lamulo la nyama zakuthengo analikhwimitsa mu 2017, moti wopezeka ndi minyanga ya njovu kapena ngaka atha kuseweza zaka mpaka 30. Kwa gwape chilango n'chocheperapo, koma pa msinkhu wanuwu ngakhale mwezi umodzi ku Maula sitingaupirire.

Ndikudziwa kuti chikukukokani si nkhuli, mwasowa thengo chichokereni kumudzi. Chonde ndalamayo musapatse munthu aliyense. Ndibwera Loweruka, tidzakhale pansi pamodzi ndi amayi.

Ndine mphwanu wokukondani,
ku Kawale