TINAKAFIKA KU KILWA, KUMENE NJIRA YA MAKOLO INKATHERA

Ambiri mwa inu amene munatiperekeza m'mawa uja pa Mangochi mwakhala mukufunsa kuti ulendo wa ku Tanzania tinayenda bwanji. Tinalonjeza kuti tidzalemba, ndiye nayi nkhani yake.

Tinalipo anthu 24: aphunzitsi a madrasa, amayi a m'makomiti ndi akuluakulu atatu. Ndalama tinasonkha chaka chathunthu, ena pogulitsa usipa, ena mpunga. Cholinga chathu chinali kukaona Kilwa, mzinda wa m'mbali mwa Nyanja ya India umene dzina lake timangolimva m'nkhani za makolo. Makolowo ankayenda wapansi kudzera kum'mawa, kwa Mataka, n'kuwoloka mtsinje wa Ruvuma. Ife tinazungulira kumpoto pa basi yahayala.

Za mbali ya Malawi sitichulukitsa gaga m'diwa poti ambiri mukudziwako. Tinadutsa Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mzuzu, n'kutsika zitunda za Chiweta mpaka kukagona ku Karonga. Titawoloka Songwe tinasuntha mawotchi ola limodzi kutsogolo, ndipo basi inayamba kukwera. Ife ana a kunyanja amene tinazolowera thukuta tinagwidwa ndi chisanu tisanafike n'komwe pa Tukuyu, moti amayi anachita kufunda zitenje ziwiriziwiri. Dziko limenelo n'lobiriwira zedi: tiyi, nthochi, mbatatesi, ndipo pamwamba pa zonsezi pali phiri la Rungwe, limene kutalika kwake kumatsala pang'ono kufika pa Sapitwa wa ku Mulanje.

Pa Uyole, kufupi ndi Mbeya, tinakhotera kum'mawa ndipo tinakagona ku Iringa. M'mawa mwake tinatsika phiri la Kitonga. Msewu wake ndi wokhotakhota, mbali ina thanthwe mbali ina phompho, malole akuluakulu akukwawa ngati nkhono. M'basi munali zii, kupatula agogo amene ankasowetsa tasibihi m'manja. Kumunsi kwake kuli chigwa cha mtsinje wa Ruaha, chodzaza ndi malambe kuposa amene tili nawo kuno, ndipo kudzanja lamanja kumaoneka mapiri a nkhalango a Udzungwa. Kenaka msewu umalowa m'nkhalango ya nyama ya Mikumi kwa makilomita pafupifupi 50. Osatsika n'komwe m'basi tinaona mbidzi, njovu, anyani ndi akadyamsonga. Swala ya Zuhuri ndi Asiri tinaphatikiza pa Morogoro, m'tsinde mwa mapiri a Uluguru, monga mmene Sharia imalolera munthu wapaulendo.

Dar es Salaam ndi chimzinda cha phokoso ndi kutentha. Likulu la dziko ndi Dodoma, koma malonda ali kumeneku. Amayi anathera tsiku mu msika wa Kariakoo, pamene abambo tinathamangira kumsika wa nsomba wa padoko. Asodzi athu a kwa Makanjira anaima kukamwa kuli yasa poona nsomba zotalika ngati munthu, ndi chinyama cha miyendo isanu ndi itatu chimene eni ake amati pweza. Anatiitanira kuti tilaweko, koma analimba mtima ndi awiri okha.

Kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Kilwa Masoko pali makilomita oposa 300 kulowera kumwera. Msewu umadutsa m'minda ya kokonati, mango ndi makoroso, komanso m'zigawo za nkhalango yowirira ya m'mbali mwa nyanja. Chotimvetsa chisoni chinali matumba a makala amene anandandalikidwa m'mbali mwa msewu, chimodzimodzi ngati pa Zalewa. Mtsinje wa Rufiji tinawoloka pa mlatho wa Mkapa, umene unatsegulidwa mu 2003. Kale anthu ankadikira pantoni. Ku Kilwa komweko tinaona mitengo yomera m'madzi amchere, imene Aswahili amaitcha mikoko. Mizu yake imaonekera pamtunda, ndipo nsomba zazing'ono zimakulira mmenemo.

Pano tiulule manyazi athu. Mwini boti anatiuza kuti tinyamuka "saa mbili", ife n'kumayesa 2 koloko masana. Si uyo watipeza m'mawa tikumwa tiyi mosatekeseka! Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, kotero saa mbili ndi 8 koloko. Anatifulumizitsa chifukwa nyanja ya kumeneko si yofatsa ngati yathu. Imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, ndipo ukachedwa umayenda m'matope nsapato zili m'manja. Ndi mmene tinafikira pa chilumba cha Kilwa Kisiwani.

Pachilumbapo pali mabwinja a mzikiti waukulu womangidwa ndi miyala ya m'nyanja. Mbali yake yakale kwambiri yatha zaka pafupifupi 900, ndipo unakuzidwa m'zaka za m'ma 1300, nthawi ya Sultan al-Hasan ibn Sulaiman, amene anamanganso nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa. Chuma cha mzindawu chinkachokera ku golide wa ku Zimbabwe wodzera padoko la Sofala. Ibn Battuta, mlendo wotchuka wa ku Morocco, anafikako mu 1331 ndipo anayamikira kukongola kwake. Apwitikizi anaulanda mu 1505. Mu 1981 bungwe la UNESCO linaika mabwinjawa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Tinaima pakati pa nsanamira zake, pansi pa denga la zipewa zobulungira, tikuyang'ana mihirabu imene Asilamu ankayang'ana Mzungu asanaponde dera lino. Ife amene tinaphunzira tarikhi m'makoleji tinachita manyazi kuti za Baghdad ndi Cordoba timazidziwa pamtima, koma za mzinda wapafupi chotere tinkangodziwa dzina.

Tsiku lotsatira tinapita ku Kilwa Kivinje, kamtauni ka kumtunda, makilomita osakwana 30 kumpoto kwa Masoko. Kumeneku ndiye kumene maulendo a Ayao ochokera kunyanja kwathu ankathera m'zaka za m'ma 1800. Nyumba zakale za amalonda zikugumuka, mitengo yamera m'makoma, ndipo padoko asodzi akukhomabe ngalawa zamatanga. Njira yothera pamenepa inatibweretsera zambiri: nsalu, mikanda, kalembedwe ka Chiarabu, ndi Dini imene mafumu monga Makanjira anailandira cha m'ma 1870. Shehe Abdallah Mkwanda, amene anaphunzitsa ambiri kunyanja kuno, anakaphunzira ku Kilwa. Koma njira yomweyo popita inkanyamula minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa m'magoli. Ankagulitsidwa pamenepo n'kukwezedwa m'ngalawa kupita ku Zanzibar, mpaka Sultan Barghash atatseka msika wa akapolo mu 1873, ndipo ngakhale pambuyo pake malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zingapo.

Titakhala pansi pa mtengo wa mango, mayi wina wa m'gulu lathu, Mmang'anja wokwatiwa kwa Mponda, anati agogo ake ankasimba za mchemwali wawo amene anatengedwa ali kudimba ndipo sanaonekenso. Mmodzi mwa akuluakulu aja anawerama, kenaka anati: "Mayi, agogo anga anabwera kuno katatu, ndipo sindikhulupirira kuti ankanyamula minyanga yokha." Panalibe amene anawonjezera mawu. Tinachita duwa, n'kukwera basi.

Pobwerera nkhaniyi inabuka pa Iringa ndipo sinathe mpaka pa Songwe. Ena ankati tisawauze ana a m'madrasa za akapolo, kuopa kupereka ndodo kwa anthu amene amanyoza Chisilamu. Ife aphunzitsi tinakana. Anawo adzazimva ndithu kusukulu, ndipo ndi bwino ayambe kuzimva kwa ife, amene tingawauzenso kuti kugwira mfulu n'kumugulitsa ndi tchimo lalikulu m'Chisilamu, kaya wochitayo anavala mkanjo. Akuluakulu awiri sanagwirizane nafe mpaka lero, ndipo nkhaniyi tidzaipititsa ku msonkhano wa makolo.

Madrasa atatsegulira tinajambula pabolodi njira zonse ziwiri, ya makolo ndi yathu. Tinabweretsanso botolo la madzi a m'nyanja ya mchere, ndipo ana anafola kuti alawe. Woyamba analavula, n'kufunsa ngati madzi otere munthu angachitire udhu. Tinamuyankha kuti inde, ife tinachitira omwewo pa Kilwa.