Kukaitana nsadzu ku Chiosya

Minibasi ya ku Mchinji sinyamuka mu Lilongwe isanadzaze, choncho ngakhale ndinalawira, pa Namitete tinadutsa dzuwa litakwera kale. Ndinatsika pa Kamwendo n'kugwira kabaza wa njinga yamoto wopita ku Chiosya. Unali mwezi wa Okutobala, minda ili mbee, anthu akugalauza mizere podikira mvula. Kuno n'kwa mtedza, soya, fodya ndi chimanga, ndipo khasu lalanda malo ambiri. Mitengo ikuluikulu yatsala m'manda, timagulu tobiriwira pakati pa minda, kumene mlendo salowa mwachisawawa.

Ndinkafuna nsadzu, mbalame yolondolera anthu ku njuchi. Mnzanga wophunzitsa pa sukulu ina ya kumeneko anandiuza za agogo ena amene anakulira kufula uchi m'tchire, ndipo n'kwa iwo kumene ndinagona.

Tinanyamuka mbandakucha, iwo atanyamula nkhwangwa paphewa ndi machesi m'thumba. Tinadula dambo louma kulowera ku kachitunda kumene kwatsala miombo ndi misuku. Atafika m'mitengo anasiya kuyankhula nane. Anayamba kuimba likhweru lalifupi, lokwera kumapeto, kenaka n'kugogoda tsinde la mtengo ndi chipumi cha nkhwangwa. Amayenda pang'ono, likhweru, go go go, n'kuimanso kutchera khutu.

"Agogo, likhweru limeneli anakuphunzitsani ndani?"

"Amalume. Iwonso anamva kwa amalume awo. Khala chete mwana wanga, ikamva phokoso lachabe siibwera."

Ndinakhala chete, koma mumtima ndinali ku Niassa, kutsidya la nyanja ku Mozambique. Kumeneko Claire Spottiswoode, katswiri wa mbalame wa ku mayunivesite a Cape Town ndi Cambridge, anagwira ntchito ndi Ayao ofula uchi, pamodzi ndi Keith ndi Colleen Begg. Ayaowo amaitana mwa njira ina. Amanjenjemeretsa milomo kuti "brrrr" n'kumaliza ndi "hm". Ofufuzawo anajambula mawuwo, n'kumayenda m'thengo akuwaliza pa sipika, nthawi zina akuliza mawu wamba a munthu kapena kulira kwa njiwa. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya Science mu 2016: pa maulendo 100 aliwonse, mawu wamba ankakoka nsadzu pafupifupi ka 33, pamene kuitana kwa alenje kunkaikoka ka 66. Mwayi wopeza njuchi unakwera pafupifupi katatu, kufika pa 54. Mu 2023 Spottiswoode ndi Brian Wood anapitiriza: Ahadza a ku Tanzania amaitana ndi likhweru, ndipo nsadzu za kwawo zimathamangira likhwerulo kusiyana ndi "brrrr-hm" wa Ayao, pamene za ku Niassa zimakonda kuitana kwa Ayao. Mbalame ya dera lililonse imadziwa kaitanidwe ka anthu a dera lakelo.

Dzuwa litayamba kuswa mtengo, agogo aja anandigwira dzanja. Pa nthambi ya muombo panali kambalame kotuwa, kukula kwake ngati pumbwa, khosi lakuda, mlomo wofiirira, chibanga choyera patsaya. Kankalira mosalekeza ngati munthu akugwedeza bokosi la machesi. Kanauluka chapansipansi, nthenga zoyera za m'mbali mwa chipsepse zikuonekera, n'kukatera pamtengo wina patsogolo. Agogo anayankha ndi likhweru, tinatsatira. Tikayandikira kankanyamukanso. Sindinaonepo nyama ya m'tchire ikudikira munthu chonchi, ikucheuka kuona ngati akubwera, ndipo thupi langa linachita tsembwe.

Ulendowo unathera pa mng'oma wa khungwa wopachikidwa pa mphanda ya mtengo. Mbalame inasiya kulira n'kukhala phee. Agogo anayang'ana m'mwamba, n'kupukusa mutu.

"Uwu ndi wa eni ake. Kale ikanatitengera ku mphako. Mphako zinapita ndi makala."

Anatulutsa kachidutswa ka phula kamene anabweretsa kuchokera kunyumba, n'kukabaya pa kamtengo. Anati ukaimana, tsiku lina idzakulondolera kwa njoka kapena chilombo. Chikhulupiriro chimenechi chimamveka m'madera ambiri a mu Africa. Chimene ofufuza atsimikiza n'chakuti nsadzu imagaya phula, chinthu chimene mbalame zambiri sizingathe, koma payokha singaswe mtengo kapena kugonjetsa njuchi. Munthu ali ndi nkhwangwa ndi utsi, iyo ili ndi maso ndi mapiko. Wansembe wachipwitikizi João dos Santos analemba za kambalame kamene anakaona kale m'zaka za m'ma 1500 kakulowa m'tchalitchi ku Sofala kudzadya phula la makandulo.

Titakhala pamthunzi ndinawafunsa ngati anaonapo chisa cha nsadzu. Anaseka. Anati palibe munthu anachionapo, ndipo akulu ankati imabadwira kwa eni ake ena.

Apa ndi pamene nkhani ya mbalameyi imandizunguza mutu. Nsadzu simanga chisa, silera mwana. Yaikazi imakaikira dzira m'chisa cha mbalame ina, kawirikawiri mwa timbalame todya njuchi timene timakumba una pansi, kapena mwa zoswera m'mphako. Ikalowa imaboola mazira a mwini chisa. Dzira lakenso limakhala litayamba kale kukhwima m'mimba kwa tsiku lina loonjezera, choncho limaswa msanga. Ku Choma, kumwera kwa Zambia, Spottiswoode ndi Jeroen Koorevaar anaika timakamera m'mauna otere, ndipo zimene anaona anazilemba m'magazini ya Biology Letters. Kamwana ka nsadzu kamabadwa kosaona, kopanda nthenga, koma kunsonga kwa mlomo kali ndi timbedza tiwiri takuthwa. Mwana wa eni chisa akangoswa, kamamuluma ndi kumugwedeza mumdimamo mpaka afe. Makolo aja amapitiriza kubweretsa chakudya, kulera wopha ana awo. Patapita masabata ochepa timbedza tija timatha, ndipo mbalame yotuluka mu unamo ndi yomweyo imene inatidikira pa nthambi.

Kafukufuku wina wa ku Choma anapezanso kuti nsadzu zazikazi zili m'mitundu iwiri ya kuchikazi, zoikira m'mauna ndi zoikira m'mphako, imene yakhala yosiyana kwa zaka pafupifupi 3 miliyoni. Mwana wamkazi amatsata kumene mayi ake ankaikira, ngakhale sanawaonepo.

Ndinawafotokozera agogo zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa funso limene ndakhala nalo mpaka lero: "Nanga ngati inaleredwa ndi eni ake ena, likhweru langa inalidziwira kuti?"

Ofufuza akuganiza kuti mtima wolondolera imabadwa nawo, koma kaitanidwe ka anthu a dera imachita kuphunzira, mwina poonera nsadzu zikuluzikulu zikutsogolera alenje. Ngati zili choncho, ndiye kuti likhweru la ku Chiosya lili ndi osunga awiri, anthu ndi mbalame, ndipo mmodzi akaleka, winayo aiwala. Adzukulu a agogowa amadziwa kuweta njuchi m'ming'oma ya matabwa, zomwe ndi zabwino ndipo zimabweretsa ndalama, koma palibe ngakhale mmodzi amene amaitana nsadzu. Wina anandiuza kuti akaimva ikulira amatola legeni.

Zimandiwawa kuti nzeru imene yafika m'magazini akuluakulu a sayansi ikufa mwakachetechete m'mudzi umene uli maola ochepa kuchokera ku likulu la dziko. Mbalame za kuno si zosowa nkhani. Buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006 linawerenga mitundu pafupifupi 650 m'Malawi muno. Mu 2009 akatswiri a ku Field Museum ya ku Chicago anatenga magazi a mbalame 532 ku Vwaza ndi ku Nyika, ndipo lipoti la Holly Lutz ndi anzake la mu 2015 linati 79 pa 100 zilizonse zinali ndi tizilombo ta malungo a mbalame kapena tofanana nato, tambiri mwa ito tosadziwika kale. Ntchito ya ku Choma nayo imayenda chifukwa cha anthu a m'midzi odziwa kupeza zisa, ndipo ena mwa iwo, monga Collins Moya, maina awo amalembedwa pa malipoti a kafukufukuyo.

Kujambula likhweru sikufuna ndalama zambiri. Wophunzira wa ku Bunda kapena ku Mzuzu, ali ndi foni ndi kope, angathe kuyenda kuchokera ku Chiosya kudutsa Kapiri mpaka Mkanda, kulemba mmene aliyense wofula uchi amaitanira, amene anamuphunzitsa, ndi kumene nsadzu ikuyankhabe. Ine ndinajambula la agogowa atavomera, ndipo anandilamula kuti ndiwalizire adzukulu awo madzulo omwewo. Wamng'ono pa onse anayesa kutsanzira, agogo n'kumuuza kuti akukokera kwambiri kumapeto, ayambirenso. Anagwirizana kuti adzapita naye ku chitunda Loweruka, akamaliza mizere ya mtedza.