Maitanidwe a Kukatumikira m'Khola

Ndalemba mawu awa kuti ndiyamike Mulungu pamaso pa mpingo wake, ndiponso kuti ndiyankhe funso limene ambiri a inu mwandifunsa mwachikondi. Mwamva kuti ndalandiridwa ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, kukaphunzira udokotala wa ziweto. Ena mwakondwera, koma ena mwadabwa, nimunati: "Mwana wakhoza bwino chotere, bwanji osakaphunzira kuchiritsa anthu?"

Poyamba ndinene kuti khomo lake ndi lopapatiza. Kumaliza kalasi ya 12 sikukwanira ayi. Munthu ayenera kulembanso mayeso olowera, a Biologia ndi Química, napikisana ndi anzake ochokera m'zigawo zonse za dziko, pamene malo ali owerengeka. Sukuluyo, imene inayamba kuphunzitsa za ziweto mu 1964, ili pa mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera kwathu kuno ku Angónia. Ndinawerenga miyezi yambiri, komabe ndidziwa kuti mapemphero a amayi a Chigwirizano ndi thandizo la akulu a mpingo zinandinyamula pamene mphamvu zanga zinachepa.

Tsono yankho langa ndi ili: kwathu kuno khola ndilo nkhokwe ya wosauka. Ng'ombe ndizo zikoka ngolo ya mbatatesi kunka kumsika. Mbuzi ndiyo igulira mwana makope ndi zovala za kusukulu. Nkhuku ndiyo ipezetsa mayi wamasiye ndalama ya ulendo wa kuchipatala, ndiponso chopereka cha Lamulungu. Makolo athu akumbukira bwino kuti nkhondo itatha mu 1992, pobwera kuchokera ku Malawi anapeza makola ali pululu, ndipo panapita zaka kuti mabanja aimenso. Chiweto chikafa, pakhomo palowa njala ndi ngongole.

Chondiwawa mtima n'chakuti imfa zambiri za ziweto n'zopeweka. Chitopa chimasesa nkhuku za mudzi wonse m'masiku ochepa, chikhalirecho katemera wake, wotchedwa I-2, ndi dontho limodzi lokha m'diso la nkhuku miyezi inayi iliyonse. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala ochiritsa, koma chimachepa ngati nkhumba zisungidwa m'khola ndipo nyama ya nkhumba yodwala sigulitsidwa kapena kugawidwa. Nkhupakupa zimapatsa ng'ombe matenda oopsa, ndipo kuzisambitsa mankhwala pa nthawi yake kumazipulumutsa. Nanga chiwewe? Zizindikiro zake zikaoneka mwa munthu, chiyembekezo cha moyo chatha. Wobaya agalu katemera ateteza ana amene amasewera nawo pabwalo. Chotero wosamalira ziweto atumikiranso anthu, ngakhale saimirira pambali pa bedi la wodwala.

Malembo nawonso sapeputsa ntchito imeneyi. Adamu anapatsidwa udindo wotcha maina zamoyo zonse. Pa Miyambo 12:10 chilungamo cha munthu chiyesedwa ndi m'mene asungira chiweto chake. Davide ndi Amosi anaitanidwa ali pambuyo pa zoweta, ndipo Ambuye wathu sanachite manyazi kudzitcha mbusa. Ngati Mwini zonse alemekeza khola, ife tingalinyoze bwanji?

Ndili ndi mapempho awiri. Kwa inu makolo: mwana wanu akakonda za ulimi kapena za ziweto, musamuyese wolephera, koma mumlimbikitse pa maphunziro a sayansi akali m'makalasi apansi, pakuti khomo lija limatsegukira okonzeka. Kwa mpingo wonse: mundipempherere, chifukwa ambiri apita kumzinda waukulu nakhazikika komweko, pamene makola a kwawo alibe wowayendera. Pempherani kuti ndisunge chikhulupiriro changa, ndipirire pa maphunziro, ndi kuti Mulungu akalola ndidzabwerere kudzagwira ntchito pakati panu.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.