Alendo a Kutsidya kwa Shire

Amayi anzanga, m'mwezi wa Disembala chaka cha 2024, ife a kuno ku Nsanje tinaona anthu ambirimbiri atakhala pansi pa mitengo, mitolo yao ili pambali. Anali anzathu a ku Mozambique, ochokera dera la Morrumbala, amene anaoloka Shire pa mabwato pothaŵa zipolowe zimene zinabuka pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala. Kwaoko masitolo anali kuthyoledwa ndipo misewu inali yotseka.

Mavutowo sanathere kutsidya. Magalimoto otenga mafuta ku doko la Beira anali kuchedwa panjira, motero kusoŵa kwa mafuta kunakula ndipo ulendo unakwera mtengo. Mayi wina wa gulu lathu anagona masiku aŵiri pa siteji, matimati ake ndi kuolera m'dengu momwemo.

Tsiku lina madzulo, mayi wobereka khanda, ana aŵiri ali pambuyo, anaodira pakhomo panga. Ndiulule, mtima wanga unauma. Chinali chaka cha chilala, ndipo ufa wotsala unali wa masiku atatu okha. Ndinamuuza kuti ayese khomo lina.

Amayi anga, amene tsopano ndi okalamba, anamva zonsezo ali pamphasa. Anandiitana nati: "Mwana wanga, waiŵala kodi? Mu 1986, pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, uli wamng'ono, tinasunga banja lathunthu pakhonde pano. Pamene ndinadwala, anakulera ndi mayi wa banja lomwelo. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe."

Manyazi anandigwira. Ndinathamangira mayi uja ndi kumpeza pa mjigo alikumwetsa ana madzi. Usiku umenewo tonse tinagonera phala, koma palibe anafa.

M'maŵa mwake ndinasonkhanitsa amayi a gulu lathu, ndipo tinapangana kuti aliyense azibweretsa kapu imodzi ya ufa pa sabata. Ufa umenewo unathandiza mabanja angapo kufikira pamene boma ndi mabungwe anawatengera ku msasa.

Oyambitsa zipolowe sagona pansi pa mtengo. Ogona kumeneko ndi amayi ndi ana. Tsono mlendo wothaŵa akaodira pakhomo panu, musayambe ndi kuyeza ufa monga ndinachitira ine. Yambani mwamyalira mphasa.