Oyimba a kuno amadziseleula okha, ife timasiyira asuweni

Kuno ku Germany kuli gulu loyimba lomwe limadzitcha bandi yoposa mabandi onse pa dziko lapansi, koma palibe amene amalinena kuti ndi lodzikweza. Aliyense amadziwa kuti eni akewo akudziseka. Dzina lawo ndi Die Ärzte, anayamba mu 1982 ku West Berlin, ndipo amayimba punk rock, nyimbo za gitala waphokoso ndi ng'oma zothamanga zija. Mu 1988 anabalalikana. Pobwererana mu 1993 anaika uthenga wamalonda m'magazini ya zoyimbayimba, woti bandi yopambana pa dziko lonse ikusaka kampani yoijambula. Kudzitama ndi kupempha ntchito m'chiganizo chimodzi.

Anandidziwitsa za iwo ndi mayi wina amene timagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Tsiku lina anandipatsira kabokosi ka pitsa, ine nkumati ndapata nkhomaliro. Kutsegula, munali CD yojambulidwa ngati pitsa, ndi ina yaing'ono yooneka ngati kapisi ka tomato. Chinali chimbale chawo cha 2007, Jazz ist anders, ndipo m'masitolo chinkagulitsidwa choncho kumene. Anthu atha miyezi m'situdiyo, kenaka nkukulunga thukuta lawo ngati chakudya chogula pamsewu.

Pansanja ndiye amanyanya. Shoo yawo imatha kufika maola atatu, ndipo nthawi yambiri imathera m'macheza. Farin Urlaub wa gitala amamugwetsa mphwayi Bela B, amene amaomba ng'oma ataimirira, Bela amabweza, akatopa onse awiri amatembenukira kwa Rodrigo González wa besi, mbadwa ya ku Chile, iye nkumangomwetulira. Wina akaphonya mawu sabisa ayi, anzakewo amachita kumulozera kuti anthu aone bwino. Mu 2012 anatulutsa nyimbo yotchedwa Ist das noch Punkrock?, yoseka munthu amene kale ankalimbana ndi dziko lonse koma chikondi chamufewetsa, wasanduka bambo wapakhomo. Omvera ambiri ndi a imvi, ena abwera ndi ana awo, ndiye akudziwa bwino amene akunenedwa.

Anzawo a ku Düsseldorf, Die Toten Hosen, omwenso anayamba mu 1982, ali ndi zawo. Mu 1987 anadzisintha dzina kwakanthawi kukhala Die Roten Rosen nkujambula chimbale chathunthu cha Schlager, nyimbo zachikondi zotsekemera zomwe achinyamata a punk ankanyansidwa nazo. Ndipo ngakhale amadzaza mabwalo a mpira, akhala akupita kukayimba pabalaza m'nyumba za anthu wamba, malipiro ake chakudya, mowa ndi pogona.

Ine ndimaona ngati mbiri ya dziko lino ili mkatimo. Anthu a kuno anaonapo munthu mmodzi ataima pansanja, khamu nkumakuwa mawu amodzi, ndipo akudziwa kumene zinathera mu 1945. Choncho woyimba amene anthu zikwizikwi akumuimikira manja amafulumira kudzichotsa ulemu yekha, kuti aliyense akumbukire kuti ndi munthu wamba wogwira gitala. Chodabwitsa nchakuti kudzipeputsako ndi kumene kumachititsa kuti akalankhula zenizeni amvedwe. Nyimbo ya Die Ärzte ya 1993, Schrei nach Liebe, inatuluka pa nthawi imene nyumba zokhala anthu ochokera kumayiko ena zinkawotchedwa m'mizinda monga Rostock ndi Solingen, ndipo inkanyoza anyamata otsatira chiNazi. Mu 2015, chidani pa othawa kwawo chitakula, anthu anaigulanso mwadala mpaka inafika pa nambala 1. Ife akhungu lakuda amene timakwera sitima usiku m'dziko muno, zimenezi sitizitenga ngati nthabwala chabe.

Tsono tiyeni kwathu. Tamverani mayina a oyimba athu: malemu Lucius Banda anali Soldier, Joseph Nkasa ndi Phungu, Tay Grin ndi Nyau King, Skeffa Chimoto ndi Jamming Machine. Sindikunyoza, mayinawa anawagwirira ntchito. Ndikungoti onse ndi okweza. Woyimba wathu amalangiza, amadandaula, amadzudzula boma, amatamanda Mulungu, koma kuimirira pansanja nkunena kuti “abale, mawu anga ndi oipa ndipo nyimbo yapitayi inali yachabe” simudzazimva kawirikawiri.

Kodi ndiye kuti Amalawi sitidziwa kudziseka? Ayi ndithu. Ntchitoyo tinaigawa kwa ena. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, anatiseketsa zaka zambiri ndi umbuli komanso uchenjezi wa munthu wamba, koma ankachita atavala dzina lina. Gule wamkulu amaseka mlendo, woledzera, wachiwerewere, ngakhale wolemekezeka, koma nkhope ili m'chigoba. Pamaliro adzukulu ali ndi ufulu woseleula ofedwa pamene ena onse ali chete. Ndipo pali msuweni, amene angakuyalutse pagulu iwe osakwiya. Kwathu munthu sadzitsitsa yekha; pali anthu ake oyenera kumutsitsa, ndipo mwambo unawapatsa chilolezo.

Palinso nkhani ya m'thumba, imene anzanga a kuno samvetsa ndikamawafotokozera. Die Ärzte akhoza kudzitcha zitsiru chifukwa matikiti awo amatha miyezi ingapo shoo isanachitike, ndipo ndalama za nyimbo zawo zimawapeza ali m'nyumba. Woyimba wa ku Ndirande kapena ku Kawale amadalira za pakhomo usiku womwewo, nyimbo zake anthu atazikopera kale m'mafoni mwaulere. Kampani yofuna kumuika pa chikwangwani imayang'ana ngati akuoneka wamkulu. Ndiye abwereka galimoto ndi suti ya vidiyo, ndipo ine sindimuweruza. Akanena yekha kuti ndi wolephera, mawa amuchotsera mtengo. Tisaiwalenso kuti zaka 30 za ulamuliro wa Kamuzu, ndi Censorship Board yake, zinatiphunzitsa kuti pa maikolofoni pamafunika nkhope yaulemu, nthabwala nkumazinenera kuseri.

Komabe za kunozi sindizigula zonse. Kudziseka kumasanduka chishango. Bandi ikayimba zonyansa, monga nyimbo zina za Die Ärzte zimene boma linaletsa kugulitsa kwa ana mu 1987, wodandaula amangouzidwa kuti sadziwa nthabwala, nkhani yathera pomwepo. Komanso munthu wodziseka yekha amasankha pomenya. Aseka ukalamba wake, tsitsi lake, chala chophonya pa gitala, zinthu zosapweteka. Za chuma chimene apeza poyimba nyimbo zonyoza olemera amangozikhudza pang'ono nkudutsa.

Msuweni sakupatsa mwayi wosankha. Wanga wa ku Dedza akangowerenga izi sayamba ndi punk rock ayi. Ayamba ndi kufunsa kuti munthu wotha kugula tikiti yokaonera azungu atatu akutukwanana, malata a nyumba ya agogo akumukanika bwanji.