Madeya Okha Sabala Dzira

Minibasi yochokera ku Limbe inanditsitsa dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndinali m'boma la Chiradzulu, kwawo kwa nkhuku zakuda zija timazitchula kuti za Mikolongwe. Dzinali linachokera ku malo a boma oweterako ziweto a Mikolongwe, koma mtundu wake ndi Black Australorp, wochokera ku Australia.

Minda inali mbee, mutangotsala mitengo ya nandolo. Azakhali ndinawapeza pakhonde, lichero lili pamwendo, mathadzi awo khumi akupalasa fumbi pansi pa mtengo wa mango.

"Mwanangu, kale ndinkatola mazira asanu ndi awiri patsiku. Lero atatu, mwina awiri," anatero. Mazira amenewa ndiwo amagulira sopo ndi makope a mdzukulu wawo, ndipo limodzi limakhala ndiwo ya mwanayo.

"Kodi mumazipatsa chiyani, azakhali?"

"Madeya, m'mawa ndi madzulo. Zimakhuta ndithu."

Kukhuta zinkakhutadi, koma dzira limodzi limakhala ndi magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni, zakudya zomanga thupi zija, ndipo nkhuku imawatenga m'zimene yadya. Thadzi loikira limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndipo pa magawo 100 a chakudyacho, 16 mpaka 18 ayenera kukhala mapuloteni. Madeya ali ndi magawo pafupifupi 10 okha. M'dzinja nkhuku zimadzithandiza ndi chiswe, ziwala ndi msipu. M'chilimwe pabwalo pamangotsala fumbi, ndiye mazira amachepa, amakhala ang'onoang'ono, ndipo nkhuku zina zimayamba kujompha nthenga za zinzake.

Tsiku la msika tinakagula soya, yemwe ali ndi magawo oposa 35 a mapuloteni. Tinamukazinga m'chiwaya mpaka anafiirira pang'ono, osapserera, chifukwa soya wamuwisi amalepheretsa nkhuku kugaya bwino chakudya. Titabwera kuchigayo, tinasakaniza makilogalamu 7 a madeya, 3 a ufa wa soya ndi kilogalamu imodzi ya laimu wa ziweto, osati wopakira nyumba. Laimuyo ndi wolimbitsa chigoba cha dzira. Amene alibe laimu angathe kuwamba zigoba za mazira n'kuzisinja. Makilogalamu 11 amenewa amakwanira nkhuku khumi kwa masiku 9 kapena 10. Madzi oyera nawo asasowe m'chomwera, poti gawo lalikulu la dzira ndi madzi.

Azakhali anawerengera mtengo wa soya pa zala, napukusa mutu. Kenaka anawerengera mazira anayi otayika tsiku lililonse, ndipo anangoti zii.

Madzulo, phiri la Mulanje likuzimirira mu utsi wa lupsa, anandiperekeza mpaka kumsewu. Panjira anandiloza kamunda ka kuseri kwa khola, kamene zaka zonse amabzalamo chimanga.

"Mvula ikagwa, mizere khumi ya apo ndibzalamo soya," anatero. "Udzabwere pa Khrisimasi, udzawerenge wekha mazira."