Magitala Awiri a ku Salisbury

Munthu wa ku Chileka sachita kuuzidwa kuti gitala n'chiyani. Kwa Singano kudatuluka Daniel ndi Donald Kachamba, ndipo dera lomweli lidalera Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries, moti ife akonkuno timayenda monyang'wa ngati tonse tidabadwa ndi nsambo m'zala. Koma woimba amene ndikufuna kukamba za iye si wathu ayi. Ndi mzungu, dzina lake Clem Tholet, yemwe adaimbira ulamuliro wa azungu m'dziko la Rhodesia, lomwe lero timati Zimbabwe. Dzinali n'lachilendo kwa ambiri, komatu dziko limene ankaliimbiralo lidamwa thukuta la makolo athu.

Tholet adabadwira ku Salisbury m'chaka cha 1948, patangotha chaka chimodzi Daniel Kachamba atabadwa kuno kwathu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, m'nthawi ya Chitaganya, banja la a Kachamba lidakakhala ku Salisbury komweko, ndipo n'kumene Daniel adakhwimira pa nyimbo za kwela zomwe adabwera nazo kumudzi. Mzinda womwe udabala Tholet ndi umenenso udasula zala za Daniel. Kungoti lamulo la malo la mu 1930 lidali litaugawa kale mzindawo: azungu kumayadi, akuda kumalokeshoni. Magitala awiriwa sakadakumana pakhonde limodzi.

Tholet adayamba kupeka nyimbo ali pasukulu ya zojambulajambula ku Durban, ndipo ntchito imene inkamudyetsa idali yotsatsa malonda. Mu 1967 adakwatira Jean, mwana wopeza wa Ian Smith, nduna yaikulu yomwe pa 11 Novembala 1965 idalengeza kuti Rhodesia yadzipatula ku ulamuliro wa Britain pofuna kuti mphamvu zikhalebe m'manja mwa azungu. Azunguwo sadakwanepo ngakhale 300,000 pakati pa akuda mamiliyoni angapo. Kwathu kuno mkamwini amadziwika ndi khasu m'munda mwa apongozi. Mkamwini uyu adalimira apongozi ake ndi gitala.

Nkhondo ya ufulu itafika povuta m'zaka za m'ma 1970, iye adatulutsa nyimbo yotchedwa Rhodesians Never Die, yomwe idasanduka ngati nyimbo yafuko ya azungu a kumeneko. Mfundo yake idali yoti mtundu wawo sudzatha, ndiponso kuti adani awo asaloledwe kuwoloka mtsinje wa Zambezi. Adani ankanenedwawo adali omenyera ufulu, amene ambiri mwa iwo adali ndi misasa yawo kunja kwa dzikolo. Sadali yekha pantchito imeneyi. Padalinso John Edmond, wobadwira ku Luanshya m'dziko la Zambia mu 1936, amene ankaimba nyimbo zosangalatsa asilikali a Smith.

Ine nyimboyi sindidaimvere m'buku la mbiri. Ndidaimvera pakhonde la agogo anga aamuna ku Lirangwe. Iwo adapita ku Rhodesia ali mnyamata kudzera ku Mthandizi, nayamba ndi kupalira fodya papulazi, kenaka n'kukhala khukhi m'nyumba ya mzungu mumzinda. Ashona ankawatcha Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, dzina lomwe lidamata pa Mmalawi aliyense, kaya wa ku Dedza kaya wa ku Nkhata Bay. Mu 1980 bwana wawo akusamukira ku South Africa, adawasiyira wailesi ya kaseti ndi matepi angapo, ndipo zimenezi ndiye zidali penshoni ya zaka zoposa makumi awiri. Adafika nazo kumudzi m'sutikesi, pamodzi ndi jekete ndi mipeni iwiri ya kukhitchini.

Mabatire akapezeka, agogo ankaika tepi ya Tholet. Ankaimvera ali duu, chipewa chili pabondo. Nditafika ku sekondale n'kuyamba kumva Chingerezi bwino, ndidawafunsa kuti, "Agogo, kodi mukudziwa zimene munthuyu akunena?"

Adandiyang'ana ngati ndawafunsa dzina lawo lomwe. "Iwe, nyimbo iyi ndinkaimva ndikutsuka mbale zawo. Iwo ali pabalaza kuimba kuti a kutsidya kwa Zambezi asawoloke, ine wa kutsidya kwa Zambezi ndili m'khitchini kuwakazingira nyama." Adaseka mpaka kutsokomola. Atatonthola adandiuza za mwana wamwamuna wa m'nyumbamo, yemwe iwo adamuphunzitsa kumanga nsapato ndipo ankamupatsa mkute wa nsima mobisa. Mwanayo atamaliza sukulu adaitanidwa kunkhondo, monga ankachitira ndi anyamata onse achizungu, ndipo sadabwereko. Usiku woti mawa anyamuka, anzake adamuimbira nyimbo yomweyi. Agogo sadanene kuti ankaimvera chifukwa cha mwanayo, komanso sadanene kuti ankaimvera pofuna kuwaseka eni ake. Ndikuganiza kuti zonse ziwiri zidalimo.

Tisanamizane, Tholet ankadziwa kuimba. Mawu ake adali ofewa, mayimbidwe ake osavuta kuwatsatira, ndipo adaimbanso nyimbo zachikondi zomwe munthu ungamvere popanda chokukhumudwitsa. Luso limeneli n'limene limandiopsa. Nyimbo yotukwana imadziulula yokha, ndipo munthu umatseka makutu. Iyi siitukwana aliyense. Imakamba za dziko, za ana, za kupirira, zinthu zimene mtundu uliwonse umaimba. Chinyengo chake chili pa amene ikuwatcha eni dziko. Olima fodya, okumba malasha ku Wankie, olera ana awo, onsewo mulibemo. Munthu wakuda amangotulukira ngati choopsa chochokera kutsidya kwa mtsinje. Wotsatsa malonda amadziwa kuti chinthu chimagulika ukabisa mbali yake yoipa, ndipo Tholet adatsatsa Rhodesia kwa anyamata amene adalipira ndi miyoyo yawo, ataphanso anthu ochuluka kuposa iwo.

Ena amati woimba asaweruzidwe ndi ndale, poti iye amangoimba zomwe anthu ake akumva mumtima. Ife Amalawi mawu otere tiziwalankhula mosamala, pakuti nafenso tidaona amayi athu akuvina ndi kuimba nyimbo zonyoza anthu amene adathawa m'dziko muno itachitika mikangano ya nduna ya mu 1964. Koma kuimba zimene anthu akumva kuli ndi mtengo wosiyana malinga ndi mbali imene waima. M'dziko lomwelo, m'zaka zomwezo, Thomas Mapfumo ankaimba nyimbo za chimurenga m'Chishona, ndipo boma lidaletsa nyimbo zake pawailesi n'kumutsekera osazengedwa mlandu. Tholet ankamveka pawailesi ndi pakanema wa boma.

Mu 1976 Smith adanena kuti sakhulupirira zoti akuda angalamulire dzikolo ngakhale patapita zaka chikwi. Padangopita zaka zinayi. Pa 18 Epulo 1980 Zimbabwe idalandira ufulu, ndipo amene adaimba pabwalo la Rufaro adali Bob Marley. Tholet adasamukira ku South Africa, napitiriza ntchito yotsatsa malonda, mpaka adamwalira ku Cape Town mu 2004. Apongozi ake adamutsatira mu 2007, mumzinda womwewo. Daniel Kachamba n'kuti atatisiya kale mu 1987, ali ndi zaka 40 zokha, nyimbo zake zitafika ku Ulaya kudzera mwa katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, yemwe adakumana ndi abale awiriwa mu 1967.

Nyimbo ya Tholet idapeza moyo wina pa intaneti, pakati pa achinyamata achizungu amene sadapondepo mu Africa koma amalota Rhodesia ngati paradizo wotayika. Mnyamata amene adapha anthu akuda 9 m'tchalitchi ku Charleston, m'dziko la America, mu Juni 2015, adajambulitsa atavala jekete lokhala ndi mbendera ya Rhodesia. Sindikunena kuti Tholet ndiye adamutuma, koma nthano imene mnyamatayo adameza ndi yomwe nyimboyo idathandiza kukometsa.

Nanga amene nyimboyo idawasiya kunja? Anzawo a agogo ambiri sadabwerere, adasanduka matchona. Ana awo adachotsedwa m'mapulazi pamene boma la Robert Mugabe linkalanda minda kuyambira mu 2000, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 lidasiya ambiri opanda dziko, kufikira malamulo atsopano a mu 2013 adawatsegulirako khomo. M'mapulazi momwemo mudatuluka Alick Macheso, mwana wa bambo wochokera ku Malawi, amene gitala lake la besi limavinitsa Harare yense, ndipo nthawi zina amaimba m'Chichewa.

Agogo adamwalira ndisanayambe ntchito m'boma. Tepi ija siidatayidwe. Msuweni wanga wina adamata timabowo take ndi pepala, n'kujambuliramo nyimbo za Matafale kuchokera pawailesi m'chaka cha 2001. Malo adamuthera nyimbo yomaliza isanathe, moti kumapeto kwa mbali yachiwiri kudatsala kachidutswa ka gitala la mzungu uja.